Mbale ya Amayi ku Myuziyamu

Lachisanu madzulo, ku Chawama

Lero mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinapita ndi amayi ku myuziyamu m'tauni kuti akaone mbale yawo, ija yoyera ya maluwa abuluu imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Mangochi. Ndine ndinawakakamiza kuti aibwereketse kumeneko, nditamva kuti ndi ya ku China ndipo ndi yakale kuposa agogowo. Ndinkati akanyadira.

Tinaipeza pathebulo pakati pa mbale zina za ku China, nyali ikuiwalira. Amayi anaizindikira chifukwa inabenthuka pang'ono m'mphepete. Anatambasula dzanja kuti aipukute fumbi ndi nsonga ya mpango wawo. Mlonda anakuwa, "Amama, osagwila vinthu va muno!" Anthu onse anacheuka.

Amayi anabweza dzanja pang'onopang'ono. Mbale imeneyo akhala akuitsuka kuyambira ali mtsikana.

Tinabwerera pa minibasi. Titafika pakhomo anangofunsa kuti, "Mwezi wa Ramadhani ukaoneka mawa, tende tiika pati?" Chaka chilichonse tikamamasula kusala, zipatsozo timadyera m'mbale imeneyo. Ndinati ilipo ya pulasitiki. Anaitenga n'kutuluka nayo panja.

Achimwene abwera Lamlungu kuchokera ku Chipata, ndipo sakudziwa kuti mbale inachoka pakhomo. A ku myuziyamu akuti chionetsero chidzatha Idi itadutsa.

Panopa amayi ali panja, akutsukabe ya pulasitiki ija, chonsecho ndi yoyera kale. Mawa ndikapempha a ku myuziyamu kuti atibwezere mbaleyo, koma akandikaniza, ine pakhomo pano kaya ndikhalapo bwanji...