Ndasiya Tiyi wa kwa Che Yasini

Zalewa,
12 Meyi 1995

Okondedwa asuweni a Fanuwelo,

Muli bwanji ku Harareko pamodzi ndi alamu? Kuno tikudzuka ndithu, kungoti zinthu zandinyansa.

Mukukumbukira tiyirumu ya Che Yasini, komwe ndinkamwa tiyi wamkaka ndi sikono m'mawa uliwonse ndisanakhale pa makina osokera? Chigwereni kwacha, mtengo wa kapu wakwera kawiri, ndiye mwezi watha ndinasiya. Ndikumwera kunyumba wopanda mkaka, ndalamayo n'kumaponya m'chitini.

Ndimayesa ndachita zanzeru. Koma pabenchi paja timagulirana, lero uyu mawa uyo, ndipo nkhani zake ndi za zipani zokhazokha. Nditangosowa sabata imodzi, inamveka yoti Laisoni walowa chipani china, n'chifukwa chake akuthawa anzake. A Bwanali, omwe ndamwa nawo tiyi zaka zisanu ndi ziwiri, anadzatenga nsalu yawo ndisanaidule n'komwe. Akuti, "Muzisokera anzanu atsopanowo." Enanso atatu achita chimodzimodzi. Pofuna kusunga ya tiyi, ndataya ya mathalauza anayi. Kodi demokalase yake ndi imeneyi, yoti munthu asamwere tiyi kunyumba kwake?

Mayi a Tiwonge akupereka moni. Chifuwa chawo chija sichinathe, ndipo kuchipatala anena kuti tipite ku Blantyre akawaone bwinobwino. Diresi lawo la kutchalitchi ndalichepetsa kawiri chaka chino. Chitinicho ndi cha ulendo umenewo. Koma zotere munthu angakazinene pabenchi?

Mukayankha, musatchule za chifuwazi. Makalata anu amawerenganso mayi a Tiwongewo.

Ndine msuweni wanu,
Laisoni