Laputopu Yanga Yalembedwa Ntchito

Lolemba, 3 Malichi

Laputopu yapitanso kuntchito. Ine mwini wake ndatsala.

Kompyuta ya ku ofesi kwa bambo a mwana akuti inapsa. Bwana wawo, amene antchito amangowatchula a Tidzaona, m'malo mogula ina anafunsa amene ali ndi yake. Amuna anga dzanja m'mwamba, kulonjeza chinthu cha eni. Achimwene anandigulira ine kuti ndimalize maphunziro a unamwino, osati kuti iziwerenga matumba a simenti.

Ntchito ya kusukulu ikufunika pa 21. Akuti, "Ndi masiku ochepa chabe, mayi a mwana."

Lachinayi, 6 Malichi

Yabwera ili mafuta okhaokha. Wina amadya akuigwira. Ndikatsegula, malata, misomali, penti. Zanga ndachita kuzisaka ngati mlendo m'nyumba yangayanga.

Foni ya bambo a mwana nayonso ndi ya kampani yomweyo, kungoti mayunitsi amachokera m'ndalama ya ndiwo. Ikalira tikudya amadzuka n'kuimirira. Kuwerama ndithu, kuweramira foni! "Inde bwana, chabwino bwana." Mwana wayamba kuwayesezera. Sindinamuletse.

Lamlungu, 9 Malichi

Alamu anabwera titaweruka kutchalitchi. Akuti ndizinyadira, mchimwene wawo tsopano ndi munthu wodalirika pakampani. Nawonso amuna awo anapereka njinga yamoto kuntchito, inabwerako pangolo. Banja lonse matenda ake ndi amodzi.

Lachiwiri, 11 Malichi

Lero sinabwere n'komwe. Akuti yagona ku ofesi poopa akuba m'minibasi. Masiku onsewa akubawo anali patchuthi?

Ndalemba ndime ziwiri pafoni ndi chala chachikulu. Maso kuwawa. Iwo mkonono.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndinapita ndekha.

Ofesi yake kachipinda kamodzi, fani yakufa, kalendala ya chaka chatha. Laputopu yanga pa tebulo la sekilitale, mphwake wa bwana, akuonerapo filimu uku akupenta zikhadabo. Pachivundikiro amatapo kapepala ka nambala: katundu wa kampani.

Bambo a mwana ndinawapeza kuseri kosungira katundu, cholembera kukhutu, fumbi mpaka m'nsidze. Kani saigwira n'komwe! Ntchito yawo kungoinyamula m'mawa n'kukapereka.

Ndinazula chingwe, n'kuikulunga m'nsalu. A Tidzaona anatuluka, kamunthu kakafupi, fungo la perefyumu kutsogolo. "Mayi, ndinu ndani?" Ndisanayankhe, amuna anga ali, "Pepani bwana, ndi akunyumba, sanamvetse."

Sindinamvetse. Ine.

Loweruka, 15 Malichi

Zonse zapita. Wokonza makompyuta wawo anafufuta zanga kuti apeze malo. Mitu itatu ya ntchito yanga, zithunzi za mwana ali wakhanda, zonse. Zotsala ndi mitengo ya malata.

Ndinalira m'bafa kuti bambo a mwana asandimve. Kenako ndinawauza zonse zimene ndakhala ndikusunga: kuti ndi munthu wopanda msana, kuti bwanayo atapempha bedi tikhoza kugona pansi. Amangopukuta nsapato imodzi yomweyo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndikulembanso kuyambira pachiyambi, zina za m'mutu, zina za m'makope. Aphunzitsi andiwonjezera sabata.

M'nyumba muli zii. Amadzuka, kusamba, tayi, ulendo. Foni yasiya kulira nthawi ya chakudya. Kapena a Tidzaona apeza chitsiru china.

Laputopu sanaipemphenso. Ndimayembekeza kuti apempha, yankho ndinakonza kale, lakuthwa bwino. Likungondiwawa m'kamwa.

Lachinayi, 20 Malichi

Kumsika ndakumana ndi akazi a dalaivala wa kampani ija. Kundigwira mkono, nkhope ya pamaliro. "Pepanitu ndi za abambo." Ine za chiyani?

Anawachotsa ntchito Lolemba. A Tidzaona anawauza pamaso pa onse kuti asankhe, kubweretsa laputopu, popeza muli maakaunti a kampani, kapena kukhala kunyumba. Akuti bambo a mwana anaima, manja kumbuyo monga mwa masiku onse, n'kunena kuti, "Si yanga bwana, ndi ya akazi anga. Ndinalakwa kuitenga." Anawafunsa kachiwiri. Anabwereza mawu omwewo.

Ndiye tayi ija amapita nayo kuti? Mayiwo akuti amuna awo anawaona bambo a mwana dzulo pa benchi kunja kwa laibulale, envelopu m'manja.

Ndinaiwala kugula tomato.

Bambo a mwana afika madzulo nthawi yawo yomwe ija, nsapato zili mbuu. Ndawafunsa kuti kuntchito kunali bwanji. Akuti, "Kotopetsa." Ndawaikira madzi osamba, otentha, ndipo ndiwo ndawapatsa nthuli yaikulu. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali.

Lendi ikubwera. Sindikudziwa kuti ayambe ndani kulankhula. Akutuluka m'bafa, ndisiyire pomwepa.