Mwala Wosalira

Lolemba, 8 Julayi 2019

Matcheni anayi lero, onse a tchenisoo ya a Bernard ocheka matabwa. Abwera nawo ali phala lokhalokha, utuchi ndi oyilo. Ndawatsuka m'parafini kaye. Ndanena kangati kuti tcheni chakuda chimapha mwala wonolera? Samva anthu.

Ntchito monga mwa masiku onse. Magalasi kumaso. Choko pa dzino loyamba kuti ndisazungulire kawiri. Kukhudzitsa mwala pang'onopang'ono, osakanikiza. Dzino likachita buluu ndiye kuti lapsa, basi.

Mwala wa pa makina onolera wadyeka. Sukufikanso pansi pa dzino. Ulendo wa ku Lilongwe wosaufuna.

Mkazi wanga, mayi a Mtendere, akuti m'mawa anandiitana katatu ndikukwera njinga, ine osacheuka. Akuti ndayamba matama. Bola azitero.

Khutu lamanzere linafa kale. Lamanja muli nyenje, sizipuma. Zaka khumi ndi ziwiri ndikucheka matabwa, zotsekera m'makutu zili m'thumba. Ankandiuza mkazi wanga, ine ndinkaseka. Lero ndikavomere kuti ankanena zoona? Ndipo pa Golomoti pano akangodziwa, dzina langa latha, ndine Agonthi mpaka kumanda. Likudziwa ndi kope ili lokha.

Lachitatu, 10 Julayi

Ndabwera nayo miyala iwiri. Mtengo wake, mutu kuwawa.

Potsika pa siteji kondakitala waponya chikwama changa pansi ngati thumba la mpunga wa ku Bwanje. Ndamutukwana. Zomwe wayankha sindinamve, mwina nkwabwino. Katoni yaphwanyika ngodya imodzi.

Miyala imeneyi ndi yopyapyala. Mng'alu suoneka ndi maso. A Justin, amene anandiphunzitsa kunola ku Salima, anali ndi lamulo limodzi: mwala watsopano uukoloweke pa pensulo, uugogode ndi kamtengo. Wamoyo umalira ngati kabelu ka pa Misa. Wong'aluka umangoti phu. Iwo anaphunzira mochedwa. Mwala unawaphulikira, chidutswa chinaboola magalasi, diso linapita. Ankati, “Feston, mwala umayamba wakuuza. Vuto ndi kufulumira.”

Ndagogoda woyamba. Nyenje. Wachiwiri. Nyenje zomwezo. Chaka chatha ndinkamvako pang'ono. Lero ayi.

Ndakhala pa benchi nthawi yaitali. Mantha, kunena zoona.

Lachinayi, 11 Julayi

A Bernard abweretsa matcheni ena asanu ndi limodzi. Apeza ntchito ya matabwa a madesiki, akuwafuna Loweruka masana. Akuti ndikalephera apita nawo kwa wina ku Mtakataka. Ameneyo amanola ngati akusenda chinangwa, koma apitadi.

Ndasankha mwala ndi maso. Ndauyang'anitsa pa dzuwa, mbali zonse, wosalala bwinobwino. Pulagi ndazula kaye, ndaumanga, osathinitsa kwambiri, chotchinga ndabwezera. Ndikuti ndilumikize, magetsi thi.

Tsiku lonse osabwera. Matcheni awiri ndanola ndi tupa, pamanja. Mapewa akuwawa.

Chodabwitsa: atathima magetsi mtima unakhala pansi.

Lachisanu, 12 Julayi

Magetsi kulibe. Babu ndasiya choyatsa kuti lindiuze akabwera. Makina ayi, pulagi ili panja. Ena amasiya makina choyatsa kuti awadzidzimutse. Zala zawo ndi zawo.

Ndapukuta fumbi la mwala ndi burashi, ndathira kadontho ka oyilo pomwe pamagwira tcheni. Ntchito yopezera manja chochita.

Ndinaganiza zoitana a Mwanaisha a zitumbuwa pakhomo lino kuti andimvere mwalawo. Kamphindi kokha. Koma akafunsa kuti inu makutu mulibe? Pakamwa pawo ndi wailesi, pofika madzulo msika wonse wadziwa.

Ndadziuza kuti miyala iwiri singang'aluke yonse. Mwina palibe n'umodzi womwe wong'aluka. Ndidzaima pambali poyatsa, mphindi yathunthu, monga mwa lamulo. Koma pambuyo pake nkhope imabwera pafupi ndithu. Diso la a Justin lija landikhala m'mutu, loyera ngati la nsomba yophika.

Kunyumba mayi a Mtendere andifunsa chimene chandidyetsa pang'ono. Ndati m'mimba.

Lamlungu, 14 Julayi

Dzulo sindinalembe. Zinachitika dzulolo ndi izi.

Babu linayaka cha m'ma 10 koloko. Ndinavala magalasi, kulumikiza pulagi, chala pa switchi. Chala chinakana. Ndinazulanso, kumasula mwala, kuukoloweka pa pensulo, kuuyandikiza kukhutu penipeni. Munthu wamkulu, kugogoda mwala ngati wosokonezeka mutu.

Mayi a Mtendere sindinawamve akulowa. Ankapita kokonzekera kwaya, buku la nyimbo lili m'manja. Ndinangoona chithunzi pa benchi, pakamwa pawo pakuyenda. Kenaka anazungulira benchi yonse, kudzaima kumanja kwanga, n'kubwereza: “Bambo a Mtendere, umenewo sukulira. Gogodani winawo.”

Ndinagogoda. Anamwetulira. “Uwu ndiye ukuimba.”

Ndinachita makani pang'ono, chizolowezi. Ndinati mwala si kwaya. Ndinatenga woyamba uja, kuupinda ndi zala zokha kuti ndiwaonetse. Unathyoka pakati ngati bisiketi. Womwe ndinaumanga Lachinayi. Womwe chala chinali pa switchi.

Iwo anatola zidutswa, kuziika m'katoni.

Matcheni a a Bernard ndinamaliza ndi mwala wachiwiri, 2 koloko isanakwane. Ukudya bwino. Mayi a Mtendere ku kwaya anachedwa, anakhala pakhomo mpaka mphindi yoyamba ija itatha.

Pochoka anati miyala yatsopano ndizibwera nayo kunyumba, azindimvera. Anati Lachiwiri tipite ku chipatala ku Mua akaone makutuwo. Ndinafunsa kuti makutu ati. Anandiyang'ana momwe amayang'anira wogulitsa tomato wowola. Za matama zija, akuti ankati mwina ndipsa mtima n'kuulula ndekha.

Ndakhala ndikukumbukira. Pa mkeka amakhala kumanja kwanga. M'tchalitchi chimodzimodzi. Chaka chatha anasintha mbali ya bedi, ati kuwindo kukuzizira. Mwezi wake unali Okutobala, kutentha kwa kuno. Ine n'kukhulupirira. Chaka chonse ndikubisa chinthu kwa munthu amene ankachinyamula nane. Manyazi.

Lero pochokera ku Misa ndawayesa dala. Pa msewu ndadutsira mbali inayo, iwo akhale kumanzere kwanga. Anali pakati pa nkhani ya mtengo wa feteleza. Sanaidule. Angozungulira kumbuyo kwanga, kubwerera kumanja, n'kupitiriza.