Zimene Ndinanena kwa Kochi wa Dylan

Wigston, Leicester
16 Malichi

Okondedwa achemwali anga a Atuweni,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Mwendo uja ukukuvutanibe? Paja munati dokotala anakuletsani kukwera chitunda cha ku Bangwe wapansi, koma ine ndimakudziwani, mawu a dokotala mumawamvera khutu limodzi. Nanga alamu anga ali bwanji? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Kuzizira kwayamba kuchepa, moti mkangano wa ine ndi mlamu wanu Keturah wa amene wasiya zenera lotsegula watha wokha.

Kalatayi ndapatsira a Gaffar, aja a golosale ya pafupi ndi kwathu, obadwira ku Limbe konko. Akubwera ku ukwati wa mphwawo ndipo afika Lachitatu. Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Nkhaniyi ndayesa kuiyamba kawiri pafoni, ndipo kawiri konseko ndinathera pa za mvula ndi za chimanga chanu. Papepala simungandidule mawu, komanso sindingakumveni mukundiseka.

Nkhani ndi ya mwana wanu Dylan. Mukudziwa kuti amasewera hoke ya pa ayisi, ija munaiona pa vidiyo n'kunena kuti ndi ndewu ya anthu ovala mipeni kumapazi. Anayamba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chiyambire ndakhala ndikumutenga pagalimoto kupita ku Nottingham, ulendo wa ola lathunthu, katatu kapena kanayi pa sabata. Chaka chatha, ali mu timu ya achinyamata, anagoletsa zigoli zambiri kuposa anzake onse, n'chifukwa chake timu ya akuluakulu inamupatsa kontirakiti ya chaka chimodzi. Kontirakitiyo ikutha mwezi wamawa, ndipo kochi ndiye anene ngati amusunga kapena amutaya.

Chaka chino sizinamuyendere. Mu Okutobala chimphona china chinamukanikizira kukhoma la bwalo mpaka phewa kuguluka, ndipo anakhala masabata asanu ndi awiri osasewera. Atabwerera, phewa linali litachira koma mtima unali usanachire. Akapeza mpata woponya kugolo amayamba wayang'ana mnzake woti amupatsire. Masewera makumi atatu, zigoli ziwiri zokha. Masiku ano amalowa mphindi zinayi kapena zisanu, nthawi yotsalayo amakhala pabenchi atagwira ndodo yake, kuonerera ngati ife tomwe tabwera kudzachemerera. Zimandimvetsa chisoni, achemwali, chifukwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akulimbana ndi amuna a ndevu zawo, ena a ana kale kunyumba.

Mwezi watha kochi anaitana osewera achinyamata mmodzimmodzi kuti akambirane za tsogolo lawo, ndipo anati wofuna abwere ndi kholo. Dylan anasankha ine. Ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi. Kochiyo ndi mzungu wa msinkhu wanga, wosachulutsa mawu, woyenda ndi kabuku m'thumba. Anayala zonse poyera. Anati mnyamatayu liwiro ali nalo, manja akenso ndi abwino, koma wabwerera m'mbuyo, ndipo iye sakudziwa ngati vuto ndi mantha kapena kusafuna. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti kunyumba ndimamuona bwanji.

Mukukumbukira tsiku limene malemu bambo anakandisiya ku sekondale, inu mutandinyamulira sutikesi? Anauza ahedi kuti abweretsa chitsiru chaulesi ndi chosamva, achiwongole mmene angathere, kuyambira lero mwanayu ndi wawo. Ahedi anaseka, nati mwana wokhoza mayeso chonchi sangakhale chitsiru, ndipo ananditengadi ngati wawo mpaka ndinamaliza. Ndi mmene ife timaperekera mwana m'manja mwa omuphunzitsa. Kholo limatsitsa, mphunzitsi amakweza, ndipo onse awiri amadziwa kuti ndi ulemu chabe.

Ndiye ine mlongo wanu, ndi digiri yangayi, ndi zaka makumi awiri ndi zinayi ndili m'dziko lino, ndinatsegula pakamwa n'kutulutsa mawu a bambo. Ndinati mnyamatayu ndi waulesi pang'ono, amachita kukankhidwa, musamunyengerere, mumuthine ndithu, ndamupereka m'manja mwanu. Ndinanena m'Chingerezi chomveka bwino, ndikumwetulira. Kenako ndinadikira kuti kochi anditsutse.

Sananditsutse. Anatulutsa kabuku kaja n'kulemba.

Dylan anangoyang'ana pansi. Ulendo wonse wobwerera ku Wigston ankangoyang'ana panja pa zenera, ine n'kumati watopa. Loweruka lotsatira dzina lake silinali pamndandanda wa osewera, ndipo Loweruka linalo chimodzimodzi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti zavuta.

Ulesi umene ndinamunamizirawo kulibe n'komwe. Mwana ameneyu amapita kothamanga m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku loti magalasi a galimoto aundana. Chitseko cha galaja yathu chinapindikapindika ndi kachimbale kakuda kamene amamenya pa masewera awo kaja, chifukwa amaphunzirira pamenepo kuponya. Masana amakanyamula makatoni kosungira katundu, akaweruka n'kupita kokakonzekera masewera. Zonsezi inu mukuzidziwa, pajatu ndimakuuzani mpaka foni kutentha.

Keturah atamva zimene ndinanena sanandikalipire, ngakhale kukalipa kukanakhala bwino. Anangondifunsa ngati ndikukumbukira kuti Dylan anabadwira ku Leicester, ndipo ahedi athu aja sanawaonepo. Anati mwanayo anamva zimene kochi anamva, kuti bambo ake omubereka amamuona waulesi.

Ndinakadandaula kwa a Gaffar m'golosale mwawo. Anaseka mpaka kugwira kauntala, akuti bambo awo anawachitanso zomwezo ku Limbe ali ana. Atatha kuseka anati, “Achimwene, kuno mwana umamuika pamsika ngati tomato, wabwino pamwamba. Inu mwakaonetsa wowola woti mudengu munalibe.” Anandiuza kuti ndisatume munthu kapena kulemba uthenga pafoni, ndipite ndekha kwa kochi ndikakonze.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinapempha kuonana ndi kochi pandekha, ndipo ndinamufotokozera zonse, za bambo, za ahedi, za chitseko cha galaja. Anamvetsera osandidula. Atatero anandiuza mosabisa kuti makolo amene amabwera mu ofesi mwake amakometsa ana awo kuposa mmene alili, ndiye bambo akanena yekha kuti mwana wake ndi waulesi, iye amaganiza kuti zoona zake ndi zoipa kuposa pamenepo. Anavomera kuti mawu anga anamuthandiza kusankha womusiya kunja masabata awiri aja. Ndinachita manyazi, achemwali, manyazi oti sindinawamvepo chibwerere kuno.

Munthuyo si woipa. Anandiuza njira zitatu zimene zilipo. Akhoza kumusunga chaka china. Akhoza kumubwereketsa ku timu yaing'ono ya kumpoto, komwe angamasewere nthawi yaitali mpaka mtima utabwerera m'malo. Apo ayi amumasula, adzionere yekha. Masewera atsala amodzi, Loweruka likubwerali, ndipo walonjeza kuti amulowetsa n'kumuona bwinobwino asanagamule.

Ndikutsanzika anandifunsa funso lina. Anati mnyamatayu vuto lake lalikulu ndi kudzikayikira, kodi kunyumba alipo amene amamuuza kuti amatha? Ndinati mayi ake amamuuza. Anafunsa kuti nanga ine.

Zoona zake n'zoti ine sindimuuza. Zaka khumi ndi ziwiri tili awiri m'galimoto, ine ndimangowerenga zimene walakwitsa: apa unachedwa, apa ukanaponya, uja anakulanda bwanji. Masewera oti sindinawasewerepo, ndipo pa ayisi ndinaimapo kamodzi kokha n'kugwa chagada ana akuseka. Tinakula tikudziwa kuti mwana ukamuyamikira pamaso amakula mtima, ndiye zabwino zake umakauza ena kumbali. Ine ndakhala ndikuuza inu, a Gaffar, anzanga a kuntchito, ngakhale munthu wokhala naye pafupi m'basi. Mwini wake yekha ndiye sanamvepo.

Ndinayesa kumufotokozera Dylan. Chichewa amamva bwino, kungoti amayankha m'Chingerezi. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa kuti ngati zija zinali za mwambo chabe, zenizenizo ndi ziti, popeza iye sanazimvepo. Anawonjeza kuti akamumasula sakafunanso timu ina, ndodo aisiya, chifukwa mwina ine ndi kochi tikuona zoona. Yankho ndinali nalo lonse mumtima. Koma ndinangomufunsa ngati wadya.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire foni lisanathe Lachisanu. Musamulangize, ndiponso ulaliki wanu uja muusunge kaye. Mungomuuza zimene ndimakuuzani Lamlungu lililonse, mmene ndimanenera. Mumuuze za chigoli chake cha chaka chatha chimene ndinakutumizirani kakhumi, mpaka munandiopseza kuti mundibuloka. Mumuuze kuti ndinakukakamizani kukaonetsa amayi onse a mvano, oti sadziwa n'komwe golo ili mbali iti. Mumuuze kuti tsiku limene anasayina kontirakiti ndinakuimbirani ndili m'galimoto, ndipo munachita kundiuza kuti ndiime pambali pa msewu chifukwa mawu samatuluka. Zikachokera kwa ine panopa aganiza kuti ndikungomata pamene ndaboola. Inu amakudziwani kuti simunyengerera munthu, paja ndinu munamuuza pamaso kuti ndevu zake zikuoneka ngati udzu wa m'chilimwe. Akakufunsani ngati ndakutumani, muvomere, bodza limodzi lija landikwana.

Musaganize kuti ndakusenzetsani katundu yense. Dzulo Dylan anandiuza kuti Loweruka apita pagalimoto ya mnzake, ine ndisavutike. Aka n'koyamba chiyambire. Sindinamutsutse, koma ndagula tikiti yanga, mpando wa kumbuyo kwa golo, pamene wosewera aliyense akadzutsa mutu amakuona. Nthawi zonse ndimakhala pamwamba pakona, manja m'thumba, ngati woyang'anira mayeso. Ulendo uno ndikakuwa dzina lake kuyambira polowa mpaka potuluka, agoletse asagoletse, ndipo akamatuluka ndikamudikira pakhomo n'kumuuza ndekha, anzake akumva. Ngati n'kukula mtima, akule mtima. Za kontirakiti sindikudziwa, zili m'manja mwa kochi ndi Mulungu. Koma ngati ndodo aisiye, aisiye chifukwa watopa nayo, osati chifukwa cha zimene bambo ake ananena atavala jekete ya kutchalitchi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa amalume ku Chiradzulu, ndi kwa ana onse, makamaka Mapalo amene ndamva kuti wayamba uphunzitsi. Mumuuze kuti kholo likamubweretsera chitsiru, ayang'ane kaye nkhope ya mwanayo asanaseke. Keturah akupereka moni wambiri, ndipo waika mafuta opaka mwendo wanu m'chikwama cha a Gaffar. Dylan sakudziwa kuti ndalemba.

Mutiikize m'mapemphero Loweruka masana.

Ndine mlongo wanu,
Maclean