Nyumba yanu mvula isanagwe

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji? Kodi mawondo aja anasiya kukuvutani? Ndimaganiza kuti mwina tsopano mukuyendanso ngati kale, mofulumira, ife ana tikukutsatani chothamanga ndi timakasu tathu.

Kuno ku Dublin tili bwino. Nyengo yawo yotentha, yomwe sichedwa, yatha. Masamba ayamba kufiira ndi kuyoyoka, ndipo m'mawa podikira basi ku Tyrrelstown kuno mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Bambo a Dalitso akugwirabe ntchito kuchipatala chija cha ku Beaumont. Amabwera atatopa koma sadandaula. Mdzukulu wanu Dalitso dzino lakutsogolo laguluka. Chichewa amamva chonse, makamaka ndikamamukalipira, koma pakamwa pake pamatuluka Chingerezi chokhachokha. Dzulo anandifunsa ngati kumene muliko kuli foni.

Zakumudzi mwina mukuzidziwa kuposa ine, komabe ndikuuzeni. Mng'ono wanga Esinati anachira bwino mu Julaye, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akuti akamalira amakwinya nkhope momwe munkachitira wina akachulutsa mchere m'ndiwo. Chimanga chimene munabzala chinacha. Amayi a kumpingo anabwera kudzathandiza kukolola, ndipo nkhokwe yatsala pang'ono kudzaza. Mtedza wokha ndiwo sunachite bwino. Nkhuku zanu chitopa chinadutsamo, yatsala yamawanga ija yosamva, yokonda kuikira m'dengu.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi nkhani ya nyumba yanu.

Amalume anandiimbira mwezi watha. Anati nthawi yakwana yoti nyumba ya malemu igwetsedwe monga mwa mwambo wa kwathu, ndipo ziyenera kuchitika mvula isanagwe. Anati popeza mwana wamkazi wamkulu ndine, akudikira mawu anga. Ine ndinakana, Amayi. Ndinakana mwaulemu, koma mawu anga anali ouma. Mukudziwa kuti pamaliro anu ndinafika mutaikidwa kale. Nkhope yanu sindinaione. Chimene ndinapeza ndi nyumbayo: mkeka wanu, fungo la utsi ndi sopo, ndi zala zanu pakhoma pomwe munamata chaka chatha. Ndinagona momwemo pa siwa, dzanja langa lili pakhomalo. Ndiye munthu andiuze kuti tigwetse? Ndinawauza amalume kuti nyumba zakale n'zosunga, kuti zimenezo n'zomwe ndinabwerera kudzaphunzira kuno. Iwo anangoti, "Chabwino mayi, tamva. Ndiye ikayamba kudontha mudzafolera pa foni?" Nkhani inathera pomwepo, koma sinathe.

Paja maphunziro angawa munkawaseka. Munkati anzanga amapita kunja kukaphunzira udokotala, ine ndapita kukawerenga nyumba zakutha. Tsono masabata apitawa aphunzitsi athu anatitenga, tinawoloka nyanja pa sitima kupita ku England, kudera lina lakumidzi. Kumeneko mudzi ndi minda yozungulira tchalitchi chimodzi amati parishi. M'parishi imeneyi muli nyumba zomwe boma linalamula kuti zisagwetsedwe kapena kusinthidwa: tchalitchicho, kamlatho ka miyala, nyumba za alimi, makola akale, ngakhale chitsime. Mwini nyumba yoteroyo sangachotse zenera lake lomwe popanda kupempha chilolezo. Ntchito yathu inali kuyenda nyumba ndi nyumba, kuyeza, kujambula, ndi kuona pamene pakuwonongeka.

Mukanakhalapo mukanaseka mpaka misozi. Nyumba za alimizo, zomwe anthu amachokera kutali kudzaona, ndi zadothi, Amayi. Dothi lopondedwa pamodzi ndi udzu, n'kumaunjika pang'onopang'ono, abale ake enieni a nyumba yanu ya mdindo. Padenga n'zofolera ndi udzu. Kungoti makoma ake ndi onenepa kwambiri ndipo amawapaka laimu woyera. Zina zinamangidwa agogo a agogo anu asanabadwe. Anzanga ankajambula ndi mafoni, ine ndinangopita kuseri komwe laimu anakanganuka, n'kuika mphuno pakhoma. Linkanunkhira kwathu. Ndinakumbukira tsiku lija ndinakuuzani kuti ndikugulirani malata, inu n'kuyankha kuti, "Ukufuna ndizigona m'chitini ngati nsomba za m'sitolo?"

M'nyumba yoyamba imene tinalowa munkakhala mayi wina wachikulire, mlimi wa ng'ombe. Chitseko chake n'chachifupi, ndinagunda mutu polowa. Anatipatsa tiyi kukhitchini, moto ukuyaka, agalu atagona pansi pa tebulo. Anadandaula nthawi yonse imene tinali momwemo: zenera likulowetsa mphepo ndipo chilolezo cholikonza chikuchedwa, anthu odziwa kufolera achepa, alendo amasuzumira pampanda ngati iye ndi nyama ya kumalo osungira nyama. Koma akudandaula choncho, dzanja lake linali likusisita khoma. Anati chaka chilichonse amapaka laimu yekha, ndipo akaona mng'alu amaumata tsiku lomwelo. Ndinatuluka m'menemo mtima uli m'malo. Ndinati ndinalondola ndine. Ndinatumiza zithunzi kwa Esinati, ndi mawu akuti taona, anzathu kuno zawo akusunga, ife tikuthamangira kugwetsa. Zithunzizo anaziona, koma sanayankhe.

Tsiku lotsatira tinapita kunyumba ina kumapeto kwa parishi. Nayonso ndi yotetezedwa, lamulo lake ndi lomwelo. Koma mwini wake anamwalira zaka zapitazo, ndipo ana ake onse ali kumizinda, wina kutsidya kwa nyanja. Kugulitsa sakufuna, kukhalamo sangathe, kugwetsa lamulo silikulola. Padenga anaphimbapo lona yemwe mphepo inang'amba kale. Khoma limodzi analichirikiza ndi mitengo, lina linakhala pansi lokha, labwerera kukhala dothi, ndipo pamwamba pake pamera zitsamba. Pazenera lam'mwamba nsalu yotchinga ikadalipo. M'kati sanatilole kulowa. Ndinaima pakhomo, fungo la nkhungu ndi ndowe za mbalame likutuluka. Ndaona nyumba zambiri zakugwa m'mabuku, ndipo m'mabukumo zimaoneka zokongola. Iyi sinali yokongola, Amayi. Inali ngati wodwala yemwe abale amukaniza kufa, koma palibe womusambitsa.

Amene anatitsegulira chipata ndi bambo wa famu yoyandikana, woweta nkhosa, mng'ono wake wa malemuyo. Sanalankhule zambiri. Aphunzitsi atamufunsa za denga, anayankha za denga. Koma pobwerera ndinatsalira naye m'mbuyo, poti nsapato zanga zinkamira m'matope, ndipo anandiuza kuti onse awiri anabadwira m'chipinda cha nsalu chija. Anati masiku ano akamapita kumsika amazungulira njira yaitali kuti asadutse pamenepo, koma kukawomba mphepo yamkuntho amadzuka ndi kubwera kudzamanganso lona, chifukwa palibe wina. Ana a mkulu wakewo, anatero, ndi ana abwino. Pa Khirisimasi amamuimbira, n'kumufunsa kuti nyumba ya adadi ili bwanji. Ananena zimenezi osakwiya ngakhale pang'ono, akuyang'ana nkhosa zake. Ine ndinasowa poyang'ana.

Nditabwerera ku Dublin ndinamuimbira Esinati masana ena, Dalitso ali kusukulu. Ndinamufunsa za mwana, za mabere, za mvula ngati yayamba kuonetsa zizindikiro. Kenako ndinati andiuze za nyumba, ndipo ine sindimudula. Anayamba pang'onopang'ono. Anati akatsegula chitseko chake m'mawa, choyamba kuona ndi chitseko chanu, ndipo tsiku lililonse mtima umamuuza kuti mutuluka ndi tsache. Anati anthu odutsa ena amaiwala, amaodira pakhonde panu, kenako n'kuchita manyazi. Chiswe chalowa ku mapaso a kumbuyo, makoswe aboola pansi. Iye, ndi thupi losakhwima lija, anakazira m'nyumbamo mwana ali kumsana, poopa kuti ndingamve kuti nyumba ya Amayi yasanduka bwinja iye akuona. Kukhalamo sangathe. Amuna ake sakufuna, iyenso mwini wake akuti akalowa mpweya umamuthera. Amayi ena akumudzi ayamba kunong'ona kuti banja lathu lakusungani pakhomo, silikufuna kuti mupite mukapume.

Kenako anati, "Achemwali, inu nyumbayi mukuisunga pa chithunzi. Ine ndikudzuka nayo."

Sanalire ponena zimenezi. Ndinalira ndine.

Masiku otsatira ndinkangoyenda ndi nkhaniyi m'mutu, m'basi, mulaibulale, pochapa. Ndawerenga zambiri za kusunga nyumba zakale, ndipo sindinasinthe maganizo kuti ndi ntchito yabwino. Anthu aja amachita bwino kuteteza zawo, ndipo ndikadzamaliza ndikufunabe kudzagwira ntchito yomweyi kwathu, kuli matchalitchi akale ndi nyumba zina zomwe zikungotha anthu akuyang'ana. Sindikunenanso kuti mwambo uliwonse wa makolo ndi wolondola. Inu nomwe ina munkaikana. Koma mabuku onse amene ndawerenga amalankhula za khoma, za denga, za msinkhu wa mitengo. Ndi ochepa amene amafunsa za munthu amene chitseko chake chayang'anizana ndi nyumbayo. Ndipo nyumba yadothi, kaya ku England kaya kwathu ku Dowa, imaima chifukwa muli wina akukoleza moto, akuona mng'alu n'kumata. Lamulo silimata khoma. Mawu anga ochokera ku Dublin nawonso samata.

Ndinakumbukiranso chinthu chomwe ndinali nditachikankhira kutali. Agogo atamwalira, ine ndili mtsikana wa ku pulayimale, nyumba yawo inagwetsedwa, ndipo inu munalipo. Munalowa nokha kaye, n'kukhalitsa. Mutatuluka maso anali ofiira. Amuna aja anaima ndi nkhwangwa zawo, palibe wofuna kuyamba, mpaka inu munati, "Tiyeni, dzuwa likukwera." Madzulo ake munatiphikira maungu ngati tsiku lina lililonse. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti munalibe chisoni. Tsopano ndikudziwa kuti munachita zimenezo kuti azakhali, omwe ankakhala pafupi, athe kugona.

Ndiye Lamlungu lapitali, titachoka kutchalitchi, ndinawaimbira amalume. Ndinawauza kuti ndavomera. Anati ndachita bwino, mawu awo akunjenjemera. Paja ndinaiwala kuti kwa iwonso ndinu mlongo wawo, ndipo nawonso amadutsa pamenepo. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha: adikire ndifike. Aphunzitsi andilola kuchoka pakati pa Okotobala, ndipo bambo a Dalitso akuti za mwana adzaona okha, mayi wina wa ku Chipata amene timapemphera naye adzawathandiza. Amalume anati mitambo sidikira ndege, koma ayesetsa. Esinati nditamuuza anangopuma mpweya wautali, kenako n'kuyamba kundifunsa ngati ndingamubweretsere mwana zovala zotentha.

Amayi, ngati ndalakwa mundikhululukire. Nyumba ija munaiponda ndi mapazi anu, madzi mukusenza nokha kuchokera kudambo, bambo atatisiya. Sindikuigwetsa chifukwa ndaipeputsa. Mtima wanga ukadali kukana, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lomwe ndidzafikenso kumudzi n'kupeza pabwalo pali pambalambanda ndidzasowa polowera. Koma sindingasiye mng'ono wanga akusenza yekha chisoni chomwe ine ndikuchikongoletsa ndili kutali. Inu simukanalola.

Ndinawauza amalume kuti udzu woyamba padenga ndikufuna ndidzatsitse ndine. Anaseka, n'kuti kusukulu kwanuko mwina akazi amakwera padenga, koma kwathu kuno ayi. Sindinalimbane nawo. Ndawalonjeza, ndipo ndikukulonjezani inunso, kuti ndidzaima pansi pa khonde lanu, Esinati ali pambali panga. Mtolo woyamba ukamatsika ndidzaulandira ndi manja anga awiri, sudzagwa pansi.

Pumani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike