Getsi Silinaphethire

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tiliko, ndipo chifuwa cha bambo a kunyumba chapepukako.

Mwana wathu wogontha uja munasangalala atamulemba ntchito kopala matabwa. Kumeneko kunali mayi wina wopaka vanishi amene anaphunzira kulankhula naye ndi manja. Belu lochenjeza kuti akuyatsa makina likalira, mayiyo ankathimitsa getsi n'kuliyatsanso kuti naye adziwe. Palibe anamutuma. Abwana ankangonyadira kwa alendo, amvekere, "Ife pano sitisala munthu."

Mwezi watha mayiyo anamusamutsira kunthambi ina. Switchi ya getsilo ili pakhomo pomwepo, achemwali, aliyense amaidutsa. Lachiwiri belu linalira, onse anafutuka, koma getsi silinaphethire. Makina anayaka mwanayo akadali pomwepo.

Musade nkhawa, ali moyo ndipo akudya. Anzake anabwera kuchipatala ndi malalanje, akuti, "Mayi, ife timayesa wina wamukodola." Ndinangowathokoza, kuopa kuti pakamwa pangandilakwitse.

Za dzanja lake lamanja ndidzakuuzani mukadzabwera. Mukudziwa inu kuti ndi limene amandiitanira kuti "amayi" polankhula ndi manja. Kuyambira tsikulo sanandiitanepo.

Mundiperekere moni kwa ana.

Ndine mng'ono wanu.