Za Diresi Lobiriwira la M'sewero la "Kiyi Wachiwiri"

GULU LA ZISUDZO LA MLATHO, LILONGWE
Msonkhano wa komiti
Tsiku: Lamulungu, 18 Novembala 1984
Malo: kunyumba kwa Wapampando, ku Falls
Nthawi yoyamba: 2 koloko masana

Opezeka: a Nebert Kamtedza (Wapampando), a Maynard Kaphale (wolemba ndi kutsogolera masewero, kalaliki ku Capital Hill), mayi Evelina Namate (wamalonda mumsika), mayi Sauda Sadiki (woimira ochita zisudzo), Bwanali Sumaila (Mlembi, telala, wosoka zovala za gulu).
Osapezeka: a Shehe Abdallah. Anatumiza uthenga kuti ali ku maliro ku Mchesi.

A Maynard Kaphale anandiipitsira dzina mumsika ndipo mpaka lero sanalikonze. Wapampando anati mawu awa adikire mutu wake, asakhale pamwamba. Buku lili m'manja mwanga ine Mlembi, ndawaika pamwamba.

1. KUTSEGULA
Mayi Namate anapemphera. Wapampando analandira onse ndipo anati lero n'koyamba kupuma bwino chichitikireni sewero lathu.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA
Mlembi anawerenga. A Kaphale anati nthawi yakwana yoti bukuli lisungidwe ndi munthu wa Fomu 4. Mlembi anayankha kuti n'zoona sanapondepo m'kalasi, zilembo anaziphunzira yekha pa mabelo a nsalu, koma pa zaka zisanu ndi chimodzi palibe mawu a munthu amene anasowa m'bukuli, ngakhale amene eni ake akanakonda kuti asowe. Wapampando anafunsa ngati alipo wovomereza ganizo la a Kaphale. Panalibe. Zolembedwa zinalandiridwa.

3. MOMWE ANTHU ANALANDIRIRA SEWERO
Wapampando anakumbutsa komiti kuti "Kiyi Wachiwiri" anaonetsedwa m'holo Loweruka pa 3 Novembala masana, atadindidwa kale ndi oona za masewero. Nkhani yake ndi ya bambo wosunga mkazi wamseri, amene agwidwa mkazi wa kunyumba atapeza m'thumba mwake kiyi wosatsegula chitseko chilichonse cha pakhomopo. Holo inadzaza, ena anaonerera pamazenera. Pakhomo aliyense anaonetsa khadi la chipani, panalibe chisokonezo.

Mayi Sadiki anati pamene bambo wa m'sewero ankalumbira kuti anagona ku ntchito, mayi wina wa kumbuyo anakuwa kuti, "Nunkhiza malayawo, mwana iwe!" ndipo ochita sewero anadikira kanthawi kuti phokoso lithe.

Mayi Namate anati mumsika nkhaniyi sinazizirebe. Lolemba lake mayi wina wogulitsa usipa anayala makiyi a mwamuna wake pabenchi n'kumafunsa chitseko cha aliyense. Mmodzi anatsala wopanda chitseko. Bamboyo analumbira kuti ndi wa loko wa njinga imene inabedwa chaka chatha. Mayi Namate anatinso wodula makiyi wa pageti la msika akudandaula kuti abambo akumudutsa ngati sakumudziwa.

Uthenga wa a Shehe unati sewero linali labwino, koma anthu asatuluke ndi maganizo akuti akazi awiri ndiye mlandu. Mlandu ndi kubisa.

A Kaphale anati zonsezi zikuonetsa luso la wolemba seweroli. Palibe anatsutsa. Palibenso anawonjezera.

4. NKHANI YA DIRESI
Wapampando anati nkhaniyi ilembedwe kuyambira pachiyambi kuti a m'tsogolo asaimve mokhota.

Mlendo wolemekezeka tsikulo anali a Lexon Chiphaka, bwana wa m'boma wokhala ku Eriya 10, amene anabwera ndi akazi awo, mayi Immaculata. Anawaitana ndi a Kaphale, komiti osaiuza. Mayiwo anakhala kutsogolo atavala diresi lobiriwira la maluwa oyera. Mayi Sadiki atalowa pasiteji ngati mkazi wamseri, anali atavala diresi la nsalu yomweyo, kolala yomweyo, mabatani omwewo. Wina m'holomo anati, "Aa, mapasa!" Anthu anaimirira pamabenchi kuti aone bwino, kuseka kunali kosaneneka, ndipo maso onse anachoka pasiteji n'kupita pa a Chiphaka. Mayi Chiphaka anatuluka atagwira mpango kumaso. Bwanayo anakhala mpaka kumapeto osaomba m'manja, n'kuchoka osatsanzika.

Mlembi anapemphedwa kufotokoza kumene diresilo linachokera. Anati zaka ziwiri zapitazo dalaivala wina anabwera pakhonde la sitolo ya a Abdulmajid, mumsewu wa Malangalanga, pamene Mlembi amasokera. Anabweretsa nsalu ndi zingwe ziwiri za miyeso zomangidwa mfundo, china cha munthu wamkulu, china cha wochepa thupi. Anati bwana akufuna madiresi awiri ofanana. Dzina la bwanayo sanatchule, Mlembi sanafunse, poti telala wofunsafunsa sakhalitsa pakhonde. Dalaivala anadzatenga lalikulu lokha, nati linalo adzatenga bwana mwini. Bwanayo sanabwere. Lamulo la matelala a pakhondepo, limene Mlembi analipeza ndipo sanaliyambitse ndiye, ndi loti chovala chikagona mvula ziwiri osatengedwa, telala atha kuchibwereketsa. Gulu litafuna diresi la mkazi wamseri, Mlembi analitsitsa pamsomali, nawonjezera mpendero kuti libise mawondo monga lamulo la dziko lifunira.

A Kaphale anati munthu wanzeru akanaganiza. Mlembi anafunsa kuti akanaganiza za mlendo uti, poti dzina la mlendo linali m'thumba mwa a Kaphale okha. Wapampando anapempha onse awiri kuti akhale pansi.

Mayi Namate anachitira umboni kuti Lolemba pa 5 Novembala anamva ndi makutu awo a Kaphale akuuza anthu pa mzere wa ogulitsa nsalu kuti, "Madala aja anachita dala. Amadziwa za m'nyumba za anthu, ndiye akuzitulutsa pasiteji. Amene muli ndi nsalu kwa iwo samalani." A Kaphale sanakane. Anati anali ndi mantha a ntchito yawo, poti a Chiphaka ndi akulu kwa bwana wa bwana wawo, ndipo anafuna zidziwike msanga kuti diresilo silinachokere kwa iwo.

Mlembi anati sabata yomweyo anthu anayamba kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, kuphatikizapo za ukwati wa mwana wa mnzake wa kumzikiti. A Abdulmajid anamuuza kuti safuna miseche pakhomo la sitolo yawo, ndipo ngati nkhaniyi siyera, pa 30 Novembala anyamule makina ake. Mlembi wasokera pakhondepo zaka makumi awiri ndi zitatu.

5. ULENDO WA KU ERIYA 10
Wapampando anati Lachiwiri lapitali analandira kalata yowaitana kunyumba kwa a Chiphaka Lachinayi madzulo. Anapita ndi mayi Namate. Anavomera kuti anavala juzi ndi mathalauza awiri ngakhale kunali kotentha, poti sankadziwa kumene akagone, ndipo anauziratu akazi awo kwa m'bale wake uti angapite ndi ana. Anatsika basi ku City Centre n'kuyenda wapansi. Mayi Namate anati njira yonse Wapampando sanalankhule, kupatula kufunsa kawiri ngati khadi la chipani lili m'chikwama.

Mlonda anamanga agalu nalowetsa alendowo. Anawalandira ndi mayi Chiphaka pakhonde, tiyi ali pa tebulo. Bwana anali pampando wa pambali. Wapampando anayamba kupepesa ataimirira. Mayiwo anati, "Khalani pansi, bambo, ndipo vulani juziyo musanakomoke pakhomo panga."

Zotsatirazi zalembedwa chifukwa mayiwo anati zinenedwe poyera, ndipo amuna awo anavomera ndi mutu. Popanda chilolezo chimenecho Mlembi sakanazilemba ngakhale komiti yonse ikanalamula.

Mayi Chiphaka anati amuna awo alibe mkazi wamseri. Ali ndi mwana wamkazi, Asiya, amene anabereka asanakwatire, ndipo akuleredwa ndi achibale a malemu mayi ake ku Mchesi. Bwanayo anabisa mwanayo zaka zonse za banja lawo. Mayiwo anati iwonso anabisa chawo: anadziwa za mwanayo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, koma anakhala chete kudikira kuti mwini wake anene. Wapampando anabwereza mawu awo motere: "Pamene ankandipatsa diresi langa anati nsalu inangokwana limodzi. Nditaona linalo pasiteji, laling'ono chonchija, ndinadziwa mwini wake. Ndinadziwanso kuti silinafike kwa mwanayo. Anthu anayesa ndikulira nsanje. Ine ndimalira kuti mwana wakhala zaka ziwiri diresi lake lili pamsomali chifukwa bambo ake ndi amantha, ndipo ine ndine waliuma."

A Chiphaka analankhula kamodzi kokha. Anati atasoketsa diresilo anazungulira msewu wa Malangalanga katatu pagalimoto, osatsika. Anatinso sanaganizepo zokanena gululi kulikonse.

Mayi Namate anati pamenepo Wapampando anamwa makapu atatu a tiyi. Wapampando anati anali awiri. Mayi Chiphaka anapempha kuti seweroli lidzabwerezedwe, poti theka lake sanalione.

Komiti inaomba m'manja. Mayi Sadiki anati sabata ziwiri zonsezi amuna awo amawaletsa kutuluka pakhomo, ndipo galimoto iliyonse ikaima pafupi amayesa yabwera kudzawatenga. Anapempha madzi akumwa. Msonkhano unaima pang'ono.

6. DZINA LA MLEMBI
Mlembi anati Lachisanu mayi Chiphaka anabwera okha pakhonde ndi mtsikanayo kudzatenga diresi. Mwanayo watalika, ndiye Mlembi anamuyesanso, namasula m'chiuno, nasiya mpendero wowonjezera uja. Mayiwo anamutchula mtsikanayo kuti "mwana wanga" kawiri. Vuto ndi loti anafika nthawi imene matelala ena ndi a Abdulmajid anali atanyamuka kale kupita kumzikiti ku mapemphero a Juma, Mlembi akutseka makina kuti awatsatire. Anaona zimenezi ndi wosoka nsapato yekha, amenenso samva bwino. A Abdulmajid atauzidwa anati akondwera, koma mawu a telala wodziyeretsa yekha sabweza makasitomala. Anati amene anayatsa moto ndiye adzauzimitse pamaso pawo.

A Kaphale anati, "Chabwino, sore madala. Zatha bwino, tonse tapulumuka, tiiwale."

Mlembi anati wapulumuka ndi amene ntchito yake ili ku Capital Hill. Anati chong'ambika pamsika sachisokera kuchipinda.

A Kaphale anati munthu wa m'boma sangakaime pakhonde la sitolo n'kumakuwa ngati wogulitsa mandasi. Mayi Namate anati pa mzere wa nsalu paja mawu anatuluka bwinobwino, mpaka a ku nsomba anamva. A Kaphale anati atha kulemba kalata. Mayi Sadiki anafunsa kuti mumsika kalatayo akawerengera ndani.

Wapampando anati Mlembi naye avomere kuti kubwereketsa chovala cha mwini kunali kulakwa. Mlembi anati lamulo la mvula ziwiri ndi la matelala onse. Wapampando anabwereza pempho lawo. Mlembi anati ngati cholakwa chilipo, ndi chakuti sanasinthe kolala ndi mabatani. Wapampando anati zilembedwe choncho, poti kuposa apo sitipeza.

Chigamulo: a Kaphale akabweze mawu awo pakamwa, pakhonde la a Abdulmajid, mwezi uno usanathe. Ovomereza: Wapampando, mayi Namate, mayi Sadiki. Wokana: a Kaphale. Mlembi sanakweze dzanja poti nkhani ndi yake. A Kaphale anati aona tsiku limene adzakhale ndi mpata.

7. ZINA NDI ZINA
(a) Kuyambira lero mlendo wolemekezeka aziitanidwa ndi komiti yonse.
(b) Zovala za pasiteji zizisokedwa ndi nsalu ya gulu. Mayi Namate apereka nsalu ziwiri zimene zinazilala ndi dzuwa pabenchi pawo.
(c) "Kiyi Wachiwiri" adzabwerezedwa Loweruka pa 15 Disembala. Mayi Sadiki anati chobiriwira sadzavalanso, pasiteji kapena kunyumba.

8. KUTSEKA
Msonkhano wotsatira: Lamulungu, 2 Disembala, malo omwewa. Wapampando anathokoza Mulungu kuti onse akagona m'nyumba zawo. Msonkhano unatha 5 koloko itangopitirira.

Wapampando: N. Kamtedza
Mlembi: Bwanali Sumaila

A Maynard Kaphale, bukuli ndapatsa mayi Namate kuti akuonetseni mawa. Mwati muona tsiku. Msonkhano wotsatira uli pa 2, makina anga achotsedwa pa 30, ndiye tsikulo ndakuonerani ine. Loweruka likudzali pa 24, nthawi ya 1 koloko mutaweruka, msika utadzaza, a Abdulmajid ali pakauntala. Mubwere ndi tayi yanuyo, muime pafupi ndi makina anga, munene mokweza kuti munanama.